Kwa mayi wofuna kukaoda chimanga ku Mozambique kudzera ku Nsanje

Mayi wina wa ku Ndirande wanditumizira imelo. Akuti ali ndi kampamba, wamva kuti nthawi yokolola chimanga ndi chitowe zimatsika mtengo tsidya la Mozambique, ndipo akufuna azikaoda yekha kudzera ku Nsanje. Wafunsa ziwiri: kodi kumeneko kuli chitetezo, nanga angawalambalale bwanji anthu apakati amene amadya phindu?

Mayi, funso lachiwirilo ndilo landidetsa nkhawa. Munthu wapakati amene mukufuna kumulambalalayo, m'chigwa cha Shire muno ndiye chitetezo chanu.

Muyambe mwadziwa mmene malirewo alili. Kuchokera ku Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, kutsikira kumunsi, mtsinje wa Shire ndiwo malire. Kummwera kwenikweni kuli chipata cha Marka, choyang'anizana ndi Vila Nova da Fronteira, panjira yopita ku Mutarara. Malirewa anawadula Angelezi ndi Apwitikizi mu 1891, koma anapeza anthu ali kale pamenepo. Asena ndi Amang'anja ali tsidya lino, alinso tsidya lija. Munthu amagona ku Malawi nkukalima ku Mozambique, amalume ake ali uko, manda a agogo ake alinso uko. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, Malawi analandira othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje inafika nthawi imene alendo anachuluka kuposa eni dera. Ambiri anafikira kwa abale, anyakwawa anawapatsa malo, ana anakwatirana. Mu December 2024, zipolowe zitabuka pambuyo pa chisankho cha ku Mozambique, anthu zikwizikwi anaolokanso kubwera ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndipo asanaone msasa, ambiri anayamba aona khomo la mbale wawo.

Malonda amene mukuwafunawo amayenda pa ubale umenewu. Mukaima padooko mmamawa muona bwato likukocheza, matumba atalimiza mpaka madzi kutsala pang'ono kulowa. Anyamata a kabaza akudikira kumtunda, ndipo aliyense akudziwa kuti thumba ili ndi la yani ngakhale silinalembedwe dzina. Mwini bwato salandira ndalama pomwepo, adzapatsidwa madzulo katundu akagulidwa. Mlimi wa tsidya lija anapereka chimangacho pangongole kwa munthu amene anabwera pamaliro a mayi ake, amene anamusungira mkazi wodwala pamene ankadikira kuchipatala kuno. Palibe pepala limene linasainidwa. Inu mukafika ndi ndalama m'chikwama, wopanda wokudziwani, mlimi yemweyo adzakuuzani mtengo wina, ndipo sindingamunene kuti walakwa.

Palinso nkhani ya ndalama. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mphamvu yake pamaso pa metical, ndalama ya ku Mozambique, inachepa, ndiye phindu limene mwamva likhoza kuthera posintha ndalama musanakweze n'thumba limodzi lomwe.

Tsono za chitetezo, sindikubisirani. Kuba ng'ombe ndi mbuzi ndi vuto lakalekale kuno, chifukwa ziweto zikangooloka malire, wapolisi wa ku Malawi alibe mphamvu yozitsatira. Njira zachidule za m'tchire zimene anthu amadzera pozemba msonkho ndi zomwenso achifwamba amabisalirako, ndipo amene amamufuna ndi mlendo amene aliyense wamuona kuti wanyamula mpamba. Mukaimitsidwa tsidya lija mulibe chiphaso, Chipwitikizi simuchidziwa, Chisena simuchimva, mudzadandaulira ndani? Wa kuno akagwa m'vuto lotere, uthenga umafika kwa anyakwawa tsiku lomwelo, mafumu a mbali ziwiri nkukambirana, munthu nkubwerera kwawo. Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti m'midzi imene yatopa ndi kuberedwa, nkhope yachilendo imakayikiridwa msanga, ndipo gulu likakwiya silifunsa mafunso. Zimenezi n'zoipa, ndimadana nazo, koma inu muyenera kuzidziwa.

Mtsinje nawo musaupeputse. Muli ng'ona ndi mvuu, ndipo bwato lodzaza kwambiri limagubuduka. Amene anaona madzi a mu January 2015 kapena namondwe wa Freddy mu March 2023 sakwera bwato mwachisawawa nyengo ya mvula.

Apa ndinenepo zakukhosi. Mu October 2010 Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje ndi mwambo waukulu, koma sitima zonyamula katundu sizinayambe kuyenda. Pamene akuluakulu amalota za sitima, mayi wa matumba asanu, amene amadyetsa tauni chaka cha njala, akusowabe pomuuza momveka bwino kuti alipire zingati ndi kwa yani. Kusadziwako n'kumene kumakankhira anthu ku njira zozemba.

Langizo langa ndi ili. Chaka choyamba musaoloke. Gulani kuno, pa Nsanje boma, pa Tengani kapena pa Bangula, kwa anthu amene aoloka nacho kale. Phindu lichepa, inde, koma mudzaona amene amasunga mawu. Pezani wokuyimirani kudzera kumpingo kwanu kapena kwa anyakwawa, mukaonekere kwa mfumu ya deralo, ndipo wokuyimiraniyo mumulipire bwino osanyinyirika. Nyamulani sikelo yanu, chifukwa ndowa zimasiyana kukula. Lumani njere ya chimanga, ikapanda kulira kuti "khwa" ndiye kuti sichinaume, chidzakuolerani m'thumba. Ndalama zikhale pafoni, m'manja mukhale zongokwanira tsikulo.

Mukadzafika poti muoloke, dzerani pa Marka masana, muli ndi pasipoti, wokuyimiraniyo ali pambali panu. Musananyamuke ku Blantyre pitani ku MRA ndi ku Unduna wa Zamalonda mukafunse za msonkho ndi zilolezo zolowetsera mbewu, chifukwa malamulo a chimanga amasinthasintha malinga ndi mmene anthu akololera chaka chimenecho. Malisiti onse muwasunge mpaka katundu atatsika ku Ndirande.