Mnzako akutchuka pa wailesi, iwe ukulemba palibe okudziwa: yankho langa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina yemwe akuphunzira utolankhani ku Blantyre, dzina ndilisunga. Akuti: "Ankolo, ine ndimatha masiku atatu ndikufufuza nkhani ya ma loni a ana asukulu, ikatuluka palibe olo mmodzi ondifunsa. Mnzanga amangowerenga nkhani pa wailesi ya pakampasi koma mpaka mu minibasi akumuzindikira mawu. Ndisiye zolembazi?"

Mwana wanga, choyamba usamuchitire nsanje mnzakoyo, vuto si iyeyo. Kuno kwathu kutchuka kumatsata mawu ndi nkhope, basi. Agogo ako kumudzi atha kukutchulira maina a oulutsa mawu a MBC akalekale, koma uwafunse amene analemba nkhani yomwe ankawerengayo uone ngati ayankha. Gospel Kazako anthu anamudziwira pa wailesi, anatsegula Zodiak mu 2005, pofika 2020 anali nduna yofalitsa nkhani. Wailesi imalowa mnyumba ya aliyense pomwe nyuzipepala imathera mtauni, ndiye kadzina kako kakang'ono pamwamba pa nkhani kaja ndani angakaone.

Koma olemba nawo amatchuka, kungoti zimachedwa ndipo sizibwera ndi ma selfie. Raphael Tenthani, malemu amene anatisiya pa ngozi ya galimoto mu 2015, anthu ankagula pepala Lamulungu kuti awerenge kolamu yake ya Muckraking, andale ankaiopa, ena ankamutukwana koma mawa lake akuwerenganso. Dzina limenelo analimanga sabata ndi sabata kwa zaka zambiri.

Ndiye pali mbali ina imene a pakampasi simukonda kuimva. Mtolankhani ofufuza, oyamba kudziwa dzina lake ndi anthu omwe wawaponda chala. Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism apolisi anamutenga mu Epulo 2022, namulanda foni ndi kompyuta, akufuna awauze yemwe anamupatsa zikalata. Ambiri anamudziwa tsiku limenelo, ndikukayika ngati ndi kutchuka komwe ukukufuna iweyo. Ndipo pa Poly pomwepo, pano tikuti MUBAS, Robert Chasowa sanali ophunzira utolankhani nkomwe, ankachita za uinjiniya, koma gulu lake linkatulutsa kapepala kodzudzula boma la Bingu. Mu Seputembala 2011 anamupeza atafa pasukulupo, apolisi anati wadzipha, komiti yofufuza mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Sindikukuopseza ayi, ndikungofuna udziwe kuti kapepala ka pakampasi si masewera, kamawerengedwa ndi anthu oti suwaganizira.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi kutchuka kwa pa Facebook uku. Mwana wa chaka choyamba watsegula peji, walemba "breaking news", wamva kuti mtsikana wina wagwidwa ku hostel, waponya ndi chithunzi chomwe, ma like mbwee, mawa aliyense ku cafeteria akumuloza. Kampasi ndi mudzi waung'ono, amene wamulembayo mukhala naye kalasi imodzi Lolemba, ndipo screenshot siifa. Akonzi amafufuza maina anu musanafike pa intavyu, zimenezi ndikuuze.

Palinso kutchuka kwina kwa mma workshop, mtolankhani odziwika ku hotela iliyonse chifukwa saphonya chipondamthengo. Ma PRO onse, olankhulira makampani ndi mabungwe aja, ali ndi nambala yake. Ameneyo amadziwika ndithu, koma tsiku loti alembe zowapweteka omwe amamupatsa envulopu aja dzanja limalemera.

Ndiye usiye kulemba? Ayi. Koma usakhalenso ouma mutu, pita ku wailesi ya pasukuluyo ukapemphe kuti nkhani yako ya ma loni ija uikambe wekha mphindi zisanu, mnzako uja akufunse mafunso. Masiku ano nyumba zambiri monga Times ndi Zodiak zili ndi wailesi, TV ndi intaneti pamodzi, akufuna munthu otha zonse. Sunganso nkhani zako zonse mu foda imodzi, bungwe la atolankhani la MISA Malawi limapereka mphoto chaka chilichonse nthawi yokumbukira ufulu wa atolankhani ya pa 3 Meyi, ndipo oweruza amaona ntchito yomwe watumiza.

Nkhani ya ma loniyo unditumizire ndiione, ndipo undiuze ngati unawafunsa a bodi ya ngongoleyo mbali yawo, chifukwa mu imelo yako sunatchule zimenezo.