Kaliwu kotsatira mneni kaja musakasiye m'mbuyo

Achemwali, mwafunsa ngati chiganizo chakuti "The children were looked after by their aunt" chili bwino, poti after ndi by zagundana pakati ndipo mukuona ngati liwu limodzi liyenera kuchoka. Chiganizocho chilibe vuto, musachotsepo kanthu. Mawu awiriwa angokhala moyandikana koma aliyense ali ndi ntchito yake. After ndi wa look, awiriwo pamodzi ndiye mneni mmodzi wotanthauza kusamalira. By akungotiuza amene anasamalira anawo. Mukachotsa after mutsala ndi "were looked by their aunt", zomwe sizitanthauza kanthu m'Chingerezi.

Aneni otere, amene amawatcha phrasal verbs, amayenda ndi kaliwu kakang'ono monga off, up, down, out kapena into, ndipo tanthauzo lenileni limagona pa kaliwuko. Ife tikafuna kuonetsa kuti chinthu chachitidwa timangosintha kumapeto kwa mneni, kulera n'kukhala kuleredwa, basi zatha. Chingerezi chimafuna zidutswa zitatu zotsatana: be (amene amaonekanso ngati was, were kapena been), kenako mneni m'maonekedwe ake achitatu aja monga taken, broken kapena called, kenako kaliwu kaja pompo. Nthawi imaoneka pa be yekha. "The match was called off." "The match has been called off." "The match will be called off if it rains." Called off sakusuntha, chikusintha ndi cha kutsogoloku.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akafika kumapeto kwa chiganizo amaona ngati kaliwuko kangolendewera, ndiye amakadula kuti chiganizo chioneke chaudongo. Apa m'pamene uthenga umatembenuka. Mukalembera anzanu kuti "The meeting has been called", mwawauza kuti msonkhano waitanidwa, akonzeke kubwera. Mukalemba kuti "The meeting has been called off", mwawauza kuti msonkhanowo kulibe. Mukati "put off", ndiye kuti ulipo koma wasunthidwira tsiku lina. Tangoganizani anthu atavala bwino, atafika pakhomo la holo n'kupeza pali loko, chifukwa cha zilembo zitatu zomwe wolemba uthenga anaziona ngati zosafunika. N'chimodzimodzi ndi "My application was turned down", kutanthauza kuti pempho langa lakanidwa. Popanda down, palibe angamve kuti mwakanidwa.

Pali chinthu chimodzi chopepukirapo. Wochita akakhala kutsogolo, pa aneni ambiri monga call off kaliwuko kamayendayenda: "They called off the meeting", "They called the meeting off", ndipo ndi mlowam'malo mumakakamizika kunena "They called it off", osati "called off it". Koma chochitidwacho chikapita kutsogolo kwa chiganizo, palibenso cholowa pakati, choncho mneni ndi kaliwu kake amangogwirana. Ngakhale timawuto tikhale tiwiri, tonse timatsalira limodzi: "He is looked up to by the whole team", kapena "Nobody likes being talked down to."

Tsono si mneni aliyense amene amalola kutembenuzidwa chotere, ndipo apa m'pamene ndikupemphani musamale kwambiri. Payenera kukhala munthu kapena chinthu cholandira ntchitoyo. Galimoto ikafa pamsewu timati "The car broke down". Ambiri amalemba "The car was broken down" pofuna kufotokoza zomwe zinachitika, chifukwa m'mutu mwathu galimotoyo yachitikiridwa zinazake. Koma m'Chingerezi palibe amene waichita kanthu, yangofa yokha. Komabe "The door was broken down by the police" ndi zolondola, poti apa pali anthu amene agwetsa chitseko. Chitsanzo china chomwe ndimachimva kawirikawiri ndi "I was grown up by my grandmother". Grow up ndi kukula, ndipo munthu amakula yekha, choncho timati "I grew up". Ngati mukufuna kutchula amene anakulerani, mneni wake ndi bring up: "I was brought up by my grandmother."

Alipo ena ochepa omwe ali ndi cholandira ntchito koma amakanabe. "She takes after her mother", kunena kuti anatengera mayi ake, sangasanduke "Her mother is taken after". Come across nayenso, wotanthauza kupeza chinthu mwangozi, samveka bwino akatembenuzidwa. Amenewa mumangowazolowera powerenga ndi pomvetsera.

Nanga amazigwiritsa ntchito liti? Makamaka pamene wochitayo sakudziwika kapena si iye amene tikufuna kukamba. Ife timati "atithyolera nyumba" osatchula kuti ndani, iwo amati "Our house was broken into." M'makalata a kuntchito mudzaona "The repairs will be carried out next week" ndi "This form must be filled in", ngakhale kuti ku America amakonda "filled out". Pocheza, anthu amaika get m'malo mwa be, makamaka pa zinthu zogwera munthu mwadzidzidzi: "He got laid off", amuchotsa ntchito, kapena "We got held up in traffic", tinachedwa pamsewu. Get ameneyu ndi wa pakamwa ndi pa mauthenga a pafoni, m'kalata yofunsira ntchito ndi bwino mukhale pa be.

Mukakayikira mneni wina, tsegulani mtanthauziramawu wa ophunzira monga wa Oxford kapena Cambridge. Mukapeza palembedwa "call something off" kapena "look after somebody", ndiye kuti pali cholandira ntchito ndipo nthawi zambiri mukhoza kutembenuza. Mukapeza mneni ali yekhayekha ngati "show up" wotanthauza kufika, musiyeni momwemo, nenani kuti "She showed up late."