Kuyankha funso lija loti Malawi angachititse African Games

Achimwene mwafunsa kuti kodi Malawi angathe kuchititsa African Games ngati mmene anachitira a ku Ghana, ndipo ife kuno ku Mzuzu tingapindulepo chani. Ndaona ambiri mu gulu muno angolemba kuti "zotheka" ena "maloto basi", ndiye ine ndilembeko motalikirapo, mundipirire.

Masewerowa si a bola okha ayi. Anayambira ku Brazzaville mu 1965 ndipo amachitika zaka zinayi zilizonse, mayiko oposa 50 amabwera ndi othamanga, osambira, ankhonya, a njinga, volleyball, judo ndi zina zambirimbiri, anthu masauzande onsewo ofuna pogona, chakudya, transipoti ndi chipatala kwa sabata ziwiri. A ku Ghana mukuwatchulawo anavutika nawo kobasi, masewero amayenera kuchitika mu August 2023 koma anakankhidwira ku March 2024 chifukwa mabwalo anali asanathe komanso mabungwe oyendetsa zamasewero amakokana. Anamanga Borteyman Sports Complex, anamalizitsa stediyamu ya ku University of Ghana, osewera anagona m'mahostelo a pa yunivesite yomweyo. Aneba athu a Zambia ndiye anapatsidwa a 2011 koma anabweza okha kuti ndalama palibe, mpaka anatenga ndi a Mozambique kukachitira ku Maputo. Ndiye ine ndinene mosabisa, pakadali pano sitingathe, ndipo si zamanyazi kunena choncho.

Koma osaiwala kuti tinalandirako alendo. December 2022 ku Lilongwe kunali Region 5 Youth Games, ya achinyamata osapitirira zaka 20 ochokera m'mayiko a kum'mwera kuno kwa Africa. Chifukwa cha masewero amenewo ndi pomwe tinaona Griffin Saenda Indoor Sports Complex ndi dziwe losambiramo lija la ku Kamuzu Institute, kuwonjezera pa Bingu Stadium yomwe inatsegulidwa mu 2017. Ndinasangalala nazo zoona, koma mtima unandiwawanso chifukwa zonsezo zili mu mzinda umodzi, mwana wa ku Chibavi kapena ku Zolozolo kuti akapondeko ndiye akhale pa basi theka la tsiku pa M1, ndalama ya transipotiyo kholo lake aitenga kuti?

Apa ndi pomwe pali nkhani yanga yeniyeni. Mwana wanga wamkazi amasewera netball pa sukulu ina ya pulaimale kuno. Bwalo lawo ndi dothi lofiira, mizere amalemba ndi phulusa lomwe ana amabweretsa m'majumbo kuchokera kunyumba, goli ina ndi limu ya njinga yomwe anakhomera pa mtengo wa bulugamu. Mvula ya kuno mukuidziwa nokha mmene imavumbira mpaka April, ikangogwa phulusa lonse lapita, bwalo lasanduka thope ndipo masewero atha mpaka kudzaume. Tsiku lina anabwera bondo lili magazi okhaokha koma akusekerera kuti amwetsa zigoli 7. Ndinamutsuka ndi madzi a mchere ndikuganiza kuti mwana ameneyu atakhala ndi bwalo la simenti chabe, osati za mamiliyoni ayi, angafike pati.

Nanga akatswiri a bola Tabitha ndi Temwa Chawinga si a ku Rumphi konkuno? Mwawi Kumwenda wa netball uja si wa ku Mzimba? Scorchers, timu ya dziko lino ya bola ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023, Temwa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi ya ku America mu 2024. Luso lilipo kumpoto kuno, lomwe likusowa ndi poyeserera. Tsikirani ku Nkhata Bay mukaone ana mmene amasambira pa nyanja ngati nsomba, koma palibe amene anawagwirirako wotchi kuti aone nthawi yawo. Kwerani ku Nyika komwe kuli pamwamba kopitirira mamita 2,000, mpweya wake ndi womwe othamanga a ku Kenya ndi Ethiopia amakulira, ife timangodutsa.

Ndiye mukati Mzuzu ingapindule chani, ine ndikuti zitengera ngati tingakuwe msanga mapulani asanalembedwe. Masewero amtunduwu sikuti amayenera kuchitikira mu mzinda umodzi, ngakhale ku Ghana bola ya amayi inaseweredwa ku Cape Coast osati ku Accra. Tsiku lomwe Malawi adzapemphenso kulandira masewero a m'chigawo chino, ife tipemphe kuti netball kapena nkhonya kapena mpikisano wa njinga zibwere kuno. Osewera atha kugona m'mahostelo a ku Mzuni nthawi ya holide. Amayi ogulitsa nthochi ndi mbatata, akabaza, ma lodge a ku Katoto ndi ku Luwinga onse adyapo. Koma phindu lalikulu kwa ine ndi holo yamasewero yokhala ndi denga yomwe idzatsale alendo atapita, kuti ana azisewera ngakhale kukugwa mvula, ndipo bajeti yake ikhale ndi ndalama yokonzera ikawonongeka, yolipirira magetsi ndi madzi, ndi malipiro a makochi. Chinthu chikamangidwa popanda woyang'anira, zaka zitatu sizitha chayamba kudontha.

African Games ya 2027 ikupita ku Egypt, ndiye nthawi yokonzeka tili nayo yambiri. Aphungu athu ndi makhansala ali mu gulu lomwe lino ena, amawerenga mwakachetechete. Ine ndikupempha tiyambe ndi mabwalo a netball a simenti m'masukulu a mu mzinda uno, ndipo amene ali ndi chidwi alembe pansipa tikumane Loweruka tione poyambira, ine matumba awiri a simenti ndipereka.