Ndikufuna mapointi 10, ndiyambire pati?

Mtsikana wina wa Giredi 12 wa ku Katete watitumizira imelo. Akuti pachikuto cha buku lake walembapo kuti chaka chino akufuna mapointi 10 pa mayeso omaliza a Giredi 12 chifukwa mtima wake uli pa unamwino, koma pomaliza Giredi 11 anapeza malikisi 38 pa masamu ndi 52 pa Chingerezi. Amaphunzira sukulu yoyendera, ndipo akaweruka ntchito zapakhomo zimakhala zikumudikira. Akufunsa kuti ayambire pati.

Mwanawe, mapointi 10 amenewo usawafufute. Koma nambala yapachikuto singakuuze chochita Lachiwiri madzulo. Cholinga chokuthandiza ndi chomwe ungachonge Loweruka lililonse kuti chachitika kapena ayi, monga chakuti "sabata ino ndiyankha mafunso 15 a trigonometry ndi kulemba chimangirizo chimodzi."

Choyamba, dziwa mmene a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia, amawerengera. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 ndi 4 ndi merit, 5 ndi 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Mapointi amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro 6 omwe wakhoza bwino koposa, ndiye akachepa ndiye kuti wakhoza bwino. Komabe makoleji ndi mayunivesite amayamba ayang'ana makirediti 5, Chingerezi chili momwemo, ndipo a unamwino amafunanso masamu ndi sayansi. Choncho 1 wa Civic Education sangakuombole ukapeza 7 pa masamu. Udzangopezeka ukulembetsa GCE, mayeso omwe obwereza amalemba ali kunja kwa sukulu, chaka chamawa. Nthawi yako yambiri ipite komwe kukuwawa, ngakhale kuti mtima umakokera ku phunziro lomwe ukulidziwa kale.

Mayeso akuluakulu amabwera cha mu Okutobala ndi Novembala, ndiye kuchokera mu Januwale uli ndi masabata ngati 40. Temu yoyamba ino ndi yotseka mipata ya Giredi 10 ndi 11, chifukwa mafunso ambiri amachokera kumeneko pomwe aphunzitsi akuthamangira kumaliza silabasi. Pofika pa mock, mayeso oyeserera aja, ukhale utakhudzako mutu uliwonse. Kuyambira Seputembala uzilemba mapepala athunthu, wotchi ili patebulo.

Tikhalitse pa masamu. Pepala loyamba salola kalikyuleta, ndiye mafulakishoni, maindisesi ndi kuchulukitsa pamanja ziyenera kukhala m'zala. Mphindi 15 tsiku lililonse, kalikyuleta ili m'chikwama, zimakwanira. Pepala lachiwiri lili ndi gawo B, momwe umasankha mafunso 4 mwa 6, lililonse la malikisi 12. Mitu yake siisinthasintha kwenikweni: linear programming, statistics, earth geometry, transformations, trigonometry ndi magirafu. Apa ndiye pali chakudya chako. Pempha mapepala akale a zaka 5 kwa aphunzitsi, utole mafunso onse a linear programming okhaokha, uwayankhe sabata imodzi. Pofika funso lachitatu udzaona kuti njira ndi yomweyo: kulemba ma inequality, kujambula mizere, kudetsa mbali yosafunika, kenako kuyesa makona a mbali yotsalayo kuti upeze phindu lalikulu. Ambiri amataya malikisi pa zinthu zazing'ono, monga kusiya sikelo yomwe funso lapereka n'kugwiritsa yawo, kapena kujambula mzere wathunthu pomwe pafunika woduladula. Sabata yotsatira utenge statistics, uchite chimodzimodzi. Mapepala a girafu, rula ndi mathematical set upeze panopa; kampasi yobwereka m'mawa wa mayeso imakhala yogwedera. Ndipo nthawi zonse uzionetsa njira yako yonse, popeza ochonga amapereka malikisi a njira ngakhale yankho lomaliza litaphonyeka.

Ukhale ndi kabuku ka zolakwa. Funso lililonse lomwe walakwa ulilembemo, ndipo pambali pake unene chifukwa: sunadziwe, sunawerenge bwino funso, kapena nthawi inakuthera. Mankhwala ake ndi osiyana. Ngati sunadziwe, pita kwa aphunzitsi mawa lomwe. Ngati unaphonya funso, zolowera kudula mzere kunsi kwa mawu ofunika usanayambe kuyankha. Ngati ndi nthawi, yamba kulemba ndi wotchi.

Kuwerenga manotsi mobwereza kumanyenga kwambiri. Maso amazolowera tsambalo, iwe n'kumaganiza kuti zalowa. Tseka buku, utenge pepala, ujambule mtima wa munthu ndi zipinda zake zinayi, ulembe maina a mitsempha ndi komwe magazi akulowera. Pomwe cholembera chaima ndi pomwe sukudziwa. Ubwerezenso mawa lake, kenako pakatha sabata, kenako pakatha mwezi.

Chingerezi chimakwera ndi kulemba. Chimangirizo chimodzi pa masabata awiri alionse, aphunzitsi achichonge, iwe uchilembenso utakonza. Pa summary uziwerenga mawu ako kuti asapitirire malire, ndipo ma rewrite (kulembanso chiganizo m'njira ina osasintha tanthauzo) khumi pa sabata adzakuzoloweza kamangidwe ka ziganizo.

Za nthawi, tikudziwa kuti ino ndi nyengo yopalira ndi kuthira feteleza, ndipo holide ya Epulo imakumana ndi kukolola. Khala pansi ndi amayi ndi atate, uwaonetse ndondomeko yako, mugwirizane ntchito zomwe zikhale zako ndi maola omwe sadzakutuma. Makolo ambiri amavomera akaona pepala lolembedwa bwino. Maola awiri patsiku ndi okwanira ngati sudumphitsa: mphindi 45 m'bandakucha pa masamu, mutu usanatope, ndi ola limodzi ndi pang'ono m'kalasi mukaweruka, dzuwa lilipo. Malaiti amatha kuthima nthawi iliyonse, choncho zausiku zikhale zongoonjezera. Zoviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti uchezere usiku wonse uzisiye. Ubongo umasunga zomwe waphunzira pamene uli mtulo, ndipo wogona maola atatu amangosinza m'kalasi.

Mayeso akamayandikira, pa WhatsApp padzabuka anthu ogulitsa likeji, mapepala omwe amati atuluka mayeso asanalembedwe. Ena amangosintha chaka pa pepala lakale n'kukudyera ndalama, ndipo wogwidwa ndi pepala lenileni zotsatira zake zimafafanizidwa. Mu 2018 mayeso anaimitsidwa m'dziko lonse chifukwa cha pepala lotuluka, osalakwa omwe n'kuvutikira limodzi. Tuluka m'magulu otere msanga.

Temu ino aphunzitsi a guidance (olangiza ophunzira) akakuitanani kudzaona kaundula wa olemba mayeso, uonetsetse kalembedwe ka dzina lako, tsiku lobadwa ndi maphunziro omwe akulembetsa, chifukwa kukonza zimenezi satifiketi itatuluka n'kovuta. Ndipo Loweruka likubwerali, tenga pepala loyamba la masamu la chaka chatha, ulilembe maola awiri osatsegula buku, Lolemba ukapereke kwa aphunzitsi. Mitu itatu yomwe utayepo malikisi ambiri ndiyo ntchito yako ya Januwale ndi Febuluwale.