Injini yasinthidwa, hita sikutentha, mabuleki alimba: yankho kwa mbale wa ku Rosettenville

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa kwathu amene akukhala ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg. Iwo ali ndi Toyota Tazz imene inali ndi injini ya 2E ya kabuleta, ndipo itatopa anaichotsa n'kuikamo 4A-FE ya ma injector. Galimoto ikuyenda ndithu, koma hita ikungotulutsa mphepo yozizira, injini ikumanjenjemera akaima pa maloboti, ndipo chopondera mabuleki chikumalimba. Akuti amene anaika injiniyo analumikiza paipi iliyonse pamene inakwana, ndiye akufunsa kuti mapaipi a hita ndi a vacuum (mapaipi amene injini imakokeramo mpweya) amayenera kudutsa pati.

Achimwene, vuto lagona pa mawu akuti "pamene inakwana". Paipi silumikizidwa potengera kukula kwa bowo, koma potengera kumene madzi kapena mpweya ukuchokera ndi kumene ukuyenera kukathera. Ndiyamba ndi mabuleki, chifukwa hita ikhoza kudikira koma mabuleki sadikira, ndipo ndikukupemphani kuti musatulukenso ndi galimotoyi pa msewu waukulu wa M1 nkhani imeneyi isanakonzedwe.

Booster ya mabuleki imathandiza phazi lanu pogwiritsa ntchito mphamvu yokoka mpweya yochokera mu intake manifold, chipangizo chimene chimagawa mpweya wolowa mu injini. Paipi yake ndi yaikulu kuposa ena onse a vacuum, ndipo iyenera kukhala yolimba mkati kuti isaphwe injini ikamakoka. Iyenera kuchokera pa manifold penipeni, kuseri kwa throttle (kachitseko kolowetsa mpweya mukaponda moto), osati pa paipi yochokera ku sefa ya mpweya. Panjira yake pamakhala kavalavu kolola mpweya kudutsa mbali imodzi yokha, kuchoka ku booster kupita ku injini, ndipo kakatembenuzidwa chopondera chimalimba monga mwafotokozeramu. Kayeseni ndi pakamwa: mukauzira kuchokera mbali ya booster mpweya udutse, mukauzira mbali inayo ukane. Mukabwezeretsa, zimitsani injini, pondani mabuleki kasanu mpaka alimbe, ndipo phazi likadali pomwepo lizani injini. Chopondera chiyenera kutsika pang'ono pansi pa phazi lanu.

Timapaipi ting'onoting'ono ndi timene timasokoneza amakaniko ambiri, chifukwa 2E ndi 4A-FE sizifuna zinthu zofanana. Pa 4A-FE pali sensa ya MAP imene imauza kompyuta ya injini kuchuluka kwa mpweya wa mu manifold kuti idziwe petulo wofunika. Sensa imeneyi ipatseni kapaipi kakekake, kakafupi, kosagawana ndi booster, apo ayi nthawi iliyonse mukaponda mabuleki kompyuta izilandira uthenga wolakwika. Kapaipi kena kamapita ku regulator ya petulo (kachipangizo kowongolera mphamvu ya petulo), ndipo mukakasolola n'kupezamo petulo, dziwani kuti regulator yabooka mkati. Paipi ya valavu ya PCV, yokoka utsi wa mkati mwa injini, imachokera pa chivundikiro cha pamwamba pa injini kupita ku manifold. Kabowo kalikonse kotsala katsekeni ndi kachipewa ka rabala, osati ndi bawuti yolowetsa m'kachidutswa ka paipi yakale, chifukwa mpweya umalowabe m'mizere ya bawutiyo, ndipo kunjenjemera kwa pa maloboti kumayambira pa zinthu ngati zimenezi.

Ngati makaniko ayeza vacuum ndi geji, musalole kuti akuopsezeni ndi manambala a m'mabuku. Injini yabwino ikamalira itaima imaonetsa mainchesi 17 mpaka 21 m'malo a m'mphepete mwa nyanja ngati Durban. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, choncho geji imatsika ndi mainchesi pafupifupi 5. Chofunika kuyang'ana ndi chakuti muvi wa geji ukhazikike malo amodzi.

Tsopano hita. Madzi otentha amatuluka ku mutu wa injini, n'kudutsa m'karediyeta kakang'ono kamene kali kuseri kwa dashibodi, kenako n'kubwerera ku mbali imene pampu ya madzi imakokera. Mapaipi onse awiri akalumikizidwa ku mbali imodzi, madzi amangoima. Injini itatentha, ikani hita pa moto wonse n'kugwira mapaipi awiriwo pamene alowera kukhoma la kuseri kwa injini. Onse ayenera kutentha, wobwerera mocheperako pang'ono. Ngati umodzi wokha ndi umene watentha, ndiye kuti paipi yapindika mpaka kutsekeka pa ngodya, kapena karediyeta kadzaza dzimbiri, kapena mwatsala mpweya. Pa ngodya zakuthwa gulani paipi yopindidwa kale, ndipo musaidutsitse pafupi ndi ekizozi kapena pamene ingamakhulane ndi chitsulo, popeza injini imagwedezeka pa zogwirizira zake.

Pali timapaipi tiwiri topita ku throttle timene timaoneka ngati ta vacuum koma timanyamula madzi. Ndinaonapo Corolla ina itachokera ku galaja ina ya kuno, kamodzi mwa timeneti katalumikizidwa ku manifold. Utsi woyera unali tolotolo kumbuyo, madzi akutha mu rediyeta, ndipo mwini wake anali atauzidwa kale kuti gasiketi ya mutu wa injini yapsa. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa anatsala pang'ono kulipira ntchito yaikulu pa vuto la kapaipi kamodzi.

Pochotsa mpweya, yambani injini ili yozizira, imikani galimoto kutsogolo kutakwera, tsegulani chotsekera cha rediyeta, ndipo muilize mpaka thovu litasiya kutuluka ndiponso fani itazungulira, mukuwonjezera madzi pang'onopang'ono. Sakanizani madzi ndi antifreeze theka ndi theka. Kuno madzi okhaokha amawira pa madigiri pafupifupi 94, osati 100, ndipo m'mawa wa mu June ndi July chisanu chimagwa, choncho chotsekera cha rediyeta chikhalenso chabwino. Ena adzakuuzani kuti mungolumikiza mapaipi awiriwo n'kuiwala za hita, koma ine sindivomereza, chifukwa mpweya wotenthawo ndi umene umachotsa nkhungu pa galasi lakutsogolo mukamadzukira ku ntchito kusanache.

Mukamaliza, jambulani zithunzi za manifold ndi za khoma la kuseri kwa injini munditumizire, kuti ndione ngati pali kabowo kamene katsala kosatseka.