Kapinga wogula uja muyezereni ndi tepi, osati ndi maso

Mayi wina wanditumizira imelo. Angomaliza kumanga nyumba, akufuna kuyala kapinga wokula kale, uja amamudula ndi dothi lake lomwe n'kumukulunga ngati mkeka, ndiye akufunsa kuti agule wochuluka bwanji komanso zidya ndalama zingati. Mayi, mwandigunda pabala.

Ine bwalo langa ndinaliyeza ndi mapazi. Tepi inali m'nyumba momwemo, koma ulesi. Ndinaponda uku ndi uko, n'kunena kuti masikweya mita 60 akwana. Tsiku loyala, dzuwa likupendeka, mpukutu womaliza unatha kukona kukadali dothi mbee, ngati dazi pamutu. Wowonjezera anabwera patatha milungu iwiri, kubiriwira kwake kosiyana ndi woyamba uja, ndipo galimoto ndinailipira kawiri. Mlendo aliyense ankayamba wafunsa za mzere umenewo asanandipatse moni.

Ndipo sindinakuuzeni zonse. Mipukutu yoyamba ija inafika ndisanakonze nthaka, ndiye inakhala pamulu masiku atatu. Nditapisa dzanja pakati pake, munali motentha ngati mulu wa manyowa, masamba atasanduka achikasu, kafungo kowola kakutuluka. Ina ndinataya. Kapingayu ndi wamoyo, amafunika kuyalidwa pasanathe maola 24 chifikireni.

N'chifukwa chake zimandinyansa ndikamva anthu akulimbana ndi mtengo wa mpukutu ngati nkhani yonse yathera pamenepo. Ayi! Ndalama zimathera pansi, pomwe maso saona. Pamalo pomwe angomanga, dothi limakhala logogomezeka, lodzaza zidutswa za njerwa ndi simenti youma. Mukayala pamenepo mwangokwirira ndalama. Mizu imafuna dothi lofewa lokuya masentimita 10 mpaka 15. Pabwalo la masikweya mita 100, kuthira dothi la masentimita 10 ndiye kuti makiyubiki mita 10, mawilibala oposa 100. Funsani msana wanga. Nanga madzi? Milungu iwiri yoyambirira n'kuthirira tsiku lililonse, mpaka mukanyamula nsonga kapingayo akane kutukuka. Ngati madzi ndi ovuta kwanuko, dikirani kaye, musagule. Ana nawonso muwauze za mpira aiwale kwa milungu itatu. Anga sanamve, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Masamu ake

Yezani mulitali ndi mulifupi, muchulukitse: mamita 12 kuchulukitsa ndi 8 ndi masikweya mita 96. Bwalo lokhotakhota ligaweni m'timabokosi, muphatikize. Malo a makona atatu ndi theka la bokosi lake. Chotsani njira ndi mabedi a maluwa. Kenako onjezerani 5 pa 100 alionse chifukwa chodula m'mphepete, kapena 10 ngati muli mokhota mwambiri. 96 uja afika 101 kapena 106. Wogulitsa mumufunse kukula kwa mpukutu wake, poti yambiri ndi sikweya mita imodzi koma si yonse. Gawani masikweya mita anu aja ndi kukula kwa mpukutuwo kuti mudziwe chiwerengero cha mipukutu, muchulukitse ndi mtengo wa mpukutu umodzi, muikepo galimoto, dothi, feteleza, aganyu ndi bilu ya madzi. Ndipo tsiku lobweretsa mupangane nthaka itasalazidwa kale.