Ana athu amalira ndi kumenyana nthawi ya mapemphero. Kodi talephera?

Mayi wina wandilembera imelo yaitali, ndipo ndiifupikitsa. Ali ndi ana awiri, mnyamata wa zaka 4 ndi mtsikana wa zaka 2. Usiku uliwonse akatha kudya, bambo a anawo amasonkhanitsa banja kuti awerenge Baibulo ndi kupemphera, ndipo zimatenga mphindi 40 kapena kupitirira. Wamng'onoyo amalira. Wamkuluyo amagubuduzika pansi, kenako n'kukoka tsitsi la mlongo wake. Bambo amavula lamba, akutchula Miyambo 13:24, ndime yonena za kulanga mwana ndi mkwapulo, ndipo aliyense amakagona atakwiya. Kutchalitchi nako n'chimodzimodzi. Funso la mayiyo ndi ili: "Kodi ana athu akukula osaopa Mulungu? Ndimvere amuna anga kapena mtima wanga?"

Amayi, mtima ukhale m'malo. Pa zonse mwalembazi sindikuonapo mwana wokana Mulungu. Ndikuona ana awiri otopa, amene akuuzidwa kuchita chinthu chimene thupi lawo silinafike poti n'kuchita.

Tiyambe ndi tulo. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza ana osakwana zaka 5. Linati mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika kugona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana, ndipo wa zaka 3 kapena 4 amafunika maola 10 mpaka 13. Linatinso ana amsinkhu umenewu azithamanga ndi kusewera mphindi zosachepera 180 pa tsiku, ndipo asamakhazikidwe malo amodzi nthawi yaitali. Tsono werengerani nokha: ngati mtsikana wanuyo amadzuka m'mamawa limodzi ndi inu, nthawi imene Baibulo likutsegulidwa imakhala itadutsa kale nthawi yake yogona. Mwana wotopa sakhala phee ngati wamkulu. Amayamba kulusa, kuluma anzake, kulirira zinthu zosadziwika. Mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kudzigwira ndi kudikira imakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo imakhwima munthu atapitirira zaka 20. Wa zaka 4 ndiye kuti wangoyamba kumene ulendowo.

Pali nkhani ina pa Genesis 33:13-14 imene ndimalakalaka bambo aliyense ataiwerenga. Yakobo atayanjananso ndi Esau, mkulu wakeyo anati anyamuke ayendere limodzi. Yakobo anakana. Anati anawa ndi anthete, ziweto nazo zikuyamwitsa, ndipo kuzithamangitsa tsiku limodzi lokha zikhoza kufa. Iye atsalira, aziyenda pang'onopang'ono monga mwa mayendedwe a ziweto ndi a ana. Mwamuna wamphamvu, mutu wa banja lalikulu, anachepetsa liwiro lake chifukwa cha timiyendo tating'ono. Utsogoleri wa panyumba ndi umenewo.

Ndiye chitani chonchi. Mapemphero a ana akhale a mphindi 5, osapitirira, ndipo achitike asanayambe kutikita maso. Kanyimbo kamodzi kamene amakadziwa, koimba akuwomba m'manja. Nkhani imodzi yofotokoza pakamwa, osati kuwerenga chaputala chonse: Zakeyu ali mumtengo, namondwe panyanja, Samueli akumva kuitana usiku. Mnyamatayo mumpatse ntchito. Iye ndiye azibweretsa Baibulo, iye ndiye aziomba ngati mphepo ya namondweyo, ndipo mumufunse kuti lero tithokoze chiyani. Akati "galu wathu", thokozani galuyo ndi mtima wonse, osaseka, chifukwa kwa iye limenelo ndi pemphero lenileni. Wamng'onoyo akhale pamiyendo ya bambo ake, chidole chili m'manja. Akangoti "Ameni" wagwira ntchito yake. Anawo akagona, inu awiri werengani mphindi 40 zija, ngakhale ola lathunthu, mwamtendere.

Mwina mukuopa kuti mphindi 5 n'zochepa kwambiri pa zinthu za Mulungu. Onani Deuteronomo 6:6-7. Kumeneko makolo akuuzidwa kukamba mawu a Mulungu ndi ana awo pokhala m'nyumba, poyenda m'njira, pogona ndi podzuka. Sakunena za msonkhano umodzi wautali. Akunena za tsiku lonse, pang'onopang'ono. Mukumusambitsa, mumufunse kuti anapanga timakutu iti ndani. Wagwa n'kusupuka bondo, mumupempherere mawu awiri mukumutsuka bala. Walanda chidole cha mlongo wake, mumuthandize kunena kuti "pepa" ndi kubweza. Zimenezi n'zimene zimakhazikika mwa mwana.

Tsono nkhani ya lamba, pamene ndikuona kuti mtima wanu ukupweteka kwambiri. Amuna anu si munthu woipa. Bambo amene amasonkhanitsa banja lake usiku uliwonse kuti apemphere ndi woti muzimuyamika, ndipo mantha ake ndi omveka, pajatu kuwongola mtengo m'poyamba. Akhristu amamva mosiyanasiyana ndime za mkwapulo za m'buku la Miyambo, ndipo mkangano umenewo sindiuthetsa pano. Koma ngakhale amene amaitenga ndimeyo monga ilili ayenera kuvomereza kuti kulira kwa mwana wa zaka 2 amene ali ndi tulo si kupanduka. Komanso Baibulo lomwelo lili ndi mawu olunjika kwa abambo: Aefeso 6:4 akuti asakwiyitse ana awo, ndipo Akolose 3:21 akuwonjeza chifukwa chake, kuti anawo angataye mtima.

Akatswiri nawo anaifufuza nkhaniyi. M'chaka cha 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anasonkhanitsa kafukufuku 75 wokhudza ana oposa 160,000. Sanapeze kuti kukwapula kumayendera limodzi ndi khalidwe labwino. Ana okwapulidwa kawirikawiri ndiwo ankapezeka andewu ndi osamvera. Mu 2018 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linalangiza makolo kuti asamamenye ana kapena kuwanyoza powalanga. Koma chimene chikundiwawa ine koposa n'chakuti lambalo likutuluka Baibulo lili chitsegulire. Mwana wa zaka 4 satha kusiyanitsa zinthu ziwirizi. Iye amangodziwa kuti buku lija likatsegulidwa, posachedwa alira. Kumbukirani kuti pa Marko 10:13-16, ophunzira atadzudzula anthu obwera ndi ana, Yesu anakwiyira ophunzirawo, ndipo anawo anawanyamula m'manja n'kuwadalitsa.

Kusamenya sikutanthauza kulekerera. Akakoka tsitsi la mlongo wake, mugwireni dzanja, mumuyang'ane m'maso, munene motsitsa mawu kuti "sitikoka tsitsi, zimapweteka", mumukhazike pambali panu mphindi zingapo. Mawa akabwereza, inunso bwerezani zomwezo, osasintha.

Za kutchalitchi sindichulutsa. Khalani kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo. Adye ndi kupita kuchimbudzi musanalowe. Tengani kabuku ka zithunzi, osati foni. Akayamba kuvuta tulukani naye, apume, mubwererenso, ndipo muzisinthana ndi bambo ake kuti nanunso muzimvako ulaliki. Amene akukuyang'anani ndi diso loipa asakusowetseni mtendere. Ambiri a iwo analerapo, angoiwala.

Pomaliza munafunsa kuti mumvere ndani. Musayambitse nkhaniyi lamba lili m'manja, kapena pamaso pa ana. Dikirani tsiku limene nonse mwapuma, muyambe ndi kuwathokoza chifukwa chotsogolera mapemphero, muwerenge limodzi nkhani ya Yakobo ija, kenako muwapemphe kuti muyese njira yaifupiyi kwa mwezi umodzi, iwo omwewo akutsogolera. Koma ngati kumenyako kukusiya zipsera, kapena inuyo mukuopa kuwalankhula, musakhale nazo nokha: uzani abusa kapena munthu wamkulu amene amuna anu amamulemekeza, ndipo mwana wovulala mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.